Laputopu ikalirira netiweki, yambani mwafunsa hadi

Ana anga amene mwatsegula timaokala tokonzera mafoni ndi makompyuta ku Limbe, ku Bwalo la Njobvu, ku Mzuzu ndi m'maboma, khalani pansi pang'ono ndikutsineni khutu. Ntchito munasankha ndi yabwino, ndipo anthu akudalira manja anu. Koma pali matenda amodzi a laputopu amene akusokoneza ambiri a inu, mpaka kuwonongetsa katundu wa eni amene akanachira ndi sukuludiraiva basi.

Munthu wabwera ndi laputopu yake, mwaiyatsa. M'malo mwa Windows, sikirini yada bii, ndipo pakutuluka timalemba toyera takuti "PXE-E61: Media test failure, check cable", kenako "PXE-M0F: Exiting Intel Boot Agent". Makina atsopanoko amalemba "Start PXE over IPv4" n'kungoima pomwepo. Mnyamata waphuma akaona mawu a kebulo ndi netiweki, mtima wake umathamangira kuwiri: kufomata, kapena kusaka pa intaneti kapulogalamu kolembera mu firmware. Njira zonse ziwirizi n'zolakwika poyambira. Mauthenga ambiri a mtunduwu sanena kuti khadi ya netiweki yadwala. Akunena kuti kompyuta yasowa poyambira kwina konse. Zili ngati mlendo amene wagogoda nyumba zonse za m'mudzi osatseguliridwa, n'kumalirira pakhomo la nyumba yomaliza: mwini nyumba yomalizayo sindiye wam'goneka panja.

Mukadina batani loyatsira, choyamba kudzuka si Windows ayi. Ndi kapulogalamu kokhala m'katchipu ka pa bodi, kamene akalefe tinazolowera kukatchula kuti BIOS, ndipo makina a masiku ano ali ndi mtundu wake watsopano wotchedwa UEFI. Kameneka kamayamba kayendera ziwalo zonse, kenako kamatsata mndandanda wa malo oti kakapezeko Windows kapena Linux: hadi, fulashi, CD, ndipo kumapeto netiweki. Njira yoyambira pa netiweki ndiyo PXE. Anaikonza ndi a kampani ya Intel, ndipo malamulo ake a mtundu wa 2.1 anatuluka mu 1999. Cholinga chinali kupeputsa ntchito m'makampani okhala ndi makompyuta mazanamazana. Wosamalira makina amangobaya kebulo, khadi ya netiweki n'kupempha adiresi ndi dzina la failo kwa seva kudzera mu DHCP, n'kukoka failoyo kudzera mu TFTP, Windows n'kulowa yokha popanda kuyenda ndi CD desiki ndi desiki.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Malaputopu ambiri a kaunjika amene timagula, ma Dell Latitude, ma HP EliteBook ndi ma Lenovo ThinkPad, anayamba atumikira m'maofesi a kunja. Kumeneko ena anaikidwa kuti aziyamba ayang'ana pa netiweki, ndipo powagulitsa eni ake amafufuta hadi kapena kuichotsa kumene pofuna kuteteza zinsinsi za kampani. Akafika kuno amakhala akufunabe seva imene anaisiya kutsidya la nyanja.

Ndiye funso loyamba n'losavuta: malemba aja akatha, Windows ikutseguka kapena ayi? Ngati ikutseguka, palibe chawonongeka. Ndi mndandanda wokha umene wasokonekera. Lowani mu BIOS, pa ThinkPad ndi F1, pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, mukweze hadi ikhale pamwamba. Pa Dell Latitude pali mzere wa "Integrated NIC" umene mumauchotsa pa "Enabled w/PXE" n'kuuika pa "Enabled". Pa ThinkPad zambiri muzimitsa "Ethernet LAN Option ROM". Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo mtengo wake ukhale wa mphindi zochepazo. Wokonza amene amauza kasitomala kuti wasintha khadi pamene wangodina makiyi atatu, adziwe kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Ngati Windows sikutseguka, apa ndiye dekhani, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani ngati BIOS ikuiona hadi. Ikalemba dzina lake ndi kukula kwake, ndiye kuti ilipo. Pakakhala mbee, tsegulani kunsi, muichotse, muibwezeretse bwino. Laputopu yoyenda pa kabaza ndi m'minibasi imagwedezeka, ndipo hadi kapena SSD imatha kusuntha pang'ono pamalo pake. Dell ili ndi zoyezera zake mukadina F12 n'kusankha Diagnostics, HP ili nazo pa F2. Ziyeseni. Tcherani khutu: hadi yamakedzana ikamalira kuti tiki tiki, ikutsanzika.

Ndikufuna tikhalitse pamenepa, chifukwa ndi pamene pamagwa misozi. Mu hadi imeneyo muli zimene mwini wake sangagule pa msika uliwonse. Muli kafukufuku wa mwana wa sukulu ya ukachenjede amene wamulemba chaka chathunthu. Muli kaundula wa banki m'khonde, ndalama za mpingo, zithunzi za ukwati ndi za malemu. Inu mukafomata kuti muone ngati uthenga uja uchoke, mwayesera mankhwala pa chuma cha mnzanu, pamene m'nyumba ya mwini saotcheramo mbewa. Chinanso, hadi imene yatsala pang'ono kufa imakhala ndi mphamvu zowerengeka. Mukazithera polowetsa Windows yatsopano, simudzapezanso mpata wopulumutsa mafailo. Yatsani makinawo ndi Linux ya pa fulashi, kapena ikani hadiyo m'kabokosi ka USB pa kompyuta ina, muyambe mwakopera zofunika. Kenako onani thanzi lake ndi CrystalDiskInfo kapena smartctl. Zina zonse zibwere pambuyo.

Pamakhalanso nthawi imene hadi ili bwinobwino, mafailo onse alimo, koma makina akuthawirabe ku netiweki. Onani tsiku ndi nthawi mu BIOS. Zikabwerera zaka zambiri m'mbuyo, kabatire kakang'ono ka pa bodi katha. Nthawi zambiri kamakhala CR2032 ka mavoti 3, ndipo m'malaputopu kamakutidwa m'pulasitiki n'kukhala ndi tiwaya tiwiri. Kakatha, makina ena amaiwala zimene anaikidwa. Windows imene inalowetsedwa mu UEFI, pa hadi yogawidwa mwa GPT, siyamba makina akabwerera ku Legacy, kayambidwe ka BIOS yakale, ndipo ya Legacy pa MBR siyamba mu UEFI. Momwemonso kusintha SATA kuchoka pa AHCI kupita pa RAID kumabweretsa sikirini yabuluu. Palibe chafa apa, koma wosadziwa amagula hadi yatsopano.

N'chifukwa chake ndikuti musanasinthe kalikonse mu BIOS, jambulani tsamba lililonse ndi foni yanu. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo funsani mwini wake ngati hadi yake ndi yokhomedwa ndi BitLocker. Kusintha zina mu BIOS, kapena kuika BIOS yatsopano, kungachititse Windows kufuna kiyi yopulumutsira ya manambala 48. Ngati mwini wake alibe kiyiyo, inu mudzakhala mutamutsekera kunja kwa mafailo ake omwe, ndipo palibe luso la pa okala limene lingathyole loko ameneyo. Ngati Windows ikutsegukabe, imitsani kaye BitLocker musanakhudze firmware. Safunsa anadya phula.

Manambala ena a mauthenga a PXE ndingowadutsa. E51 ikutanthauza kuti kebulo ilipo koma palibe seva ya DHCP imene yayankha. E53 ikuti adiresi yapezeka koma palibe amene wapereka dzina la failo yoyambira. Kunyumba kapena pa okala zimenezi n'zoyembekezeka, poti kulibeko seva yotere. M0F si vuto n'komwe, ndi kutsanzika chabe kwa kapulogalamuko. Palinso ThinkPad zakale zimene zimaima ndi nambala 1802, ndi HP zakale zolemba 104, mukaikamo khadi ya Wi-Fi yochokera m'makina a mtundu wina. Pamenepo BIOS ili ndi mndandanda wa makhadi amene imawalola. Bwezeretsani khadi yake yakale kapena pezani yovomerezeka. BIOS yosinthidwa ndi anthu osadziwika, yoti ichotse mndandandawo, musaiike m'katundu wa kasitomala.

Tsopano tifike pa uthenga umodzi umene umanenadi za khadi ya netiweki. Umayamba ndi PXE-E05, ndipo umati zoikika za mu khadiyo zawonongeka kapena sizinalembedwe, choncho Boot Agent sangapitirire. Pa Linux mnzake wa uthengawu ndi "The NVM Checksum Is Not Valid", ndipo pa Windows khadiyo imatha kuoneka ndi chizindikiro chachikasu mu Device Manager.

Khadi ya Intel ili ndi kosungira kake kakang'ono kamene sikafufutika magetsi akazima. M'menemo muli adiresi ya MAC, ya mabaiti 6, imene atatu oyambirira amasonyeza kampani yopanga malinga ndi kaundula wa bungwe la IEEE. Mulinso nambala yosonyeza mtundu wa tchipu, malangizo a kasungidwe ka moto, ndi zoikika za PXE. Pofuna kudziwa ngati zonse zili bwino, makhadi a banja limeneli amaphatikiza timagawo 64 toyambirira, kalikonse ka mabiti 16, ndipo yankho liyenera kukhala BABA m'kawerengedwe ka hexadecimal. Kagawo komaliza ntchito yake ndi kukwaniritsa chiwerengerocho. Biti imodzi yokha ikasintha, samu siitheka, ndipo dalaivala amakana khadi yonse. Amakana dala, chifukwa khadi ya adiresi yolakwika ingasokoneze makompyuta ena pa netiweki.

Koma ngakhale samu ikakanika, si nthawi zonse pamene zolembedwazo zawonongeka. ThinkPad T60 ya mu 2006, yokhala ndi tchipu ya Intel 82573L, inadziwika ndi khalidwe lakuti ikayatsidwa yopanda kebulo, Linux inkadandaula za checksum, koma ikayatsidwa kebulo ili m'malo khadi inkagwira ntchito bwinobwino. Tchipuyo inkagona pofuna kusunga moto, ndipo powerenga munkatuluka zolakwika. Zolembedwazo zinali zabwino. Ndiye musanaganize zolembamo, zimitsani makina, chotsani chaja ndi batire, gwirani batani loyatsira kwa kanthawi kuti moto wotsalira uthe, bayani kebulo yochokera ku rauta yoyaka, muyatsenso. Muyesenso ndi Linux ina ya pa fulashi. Ngati khadi yadzuka, mwapulumuka ntchito yoopsa.

Ndikuti yoopsa chifukwa cha zimene zinachitika mu 2008. M'miyezi imene Linux 2.6.27 inali kuyesedwa isanatuluke mu Okutobala chaka chimenecho, anthu amene anaika mitundu yoyesera, monga ya openSUSE 11.1 ndi Ubuntu 8.10, anayamba kupeza kuti makhadi awo a Intel, oyendera dalaivala wa e1000e pa matchipu a ICH8 ndi ICH9, afa. Kubwerera ku Windows sikunathandize, chifukwa chowonongeka chinali m'katchipu. Akatswiri anasaka gwero kwa masabata. Linapezeka mu ftrace, chida chatsopano chofufuzira kayendedwe ka Linux, chimene chinkasintha malangizo ena makina ali mkati moyenda. Chinkalemba pa maadiresi amene poyamba panali malangizowo, osadziwa kuti malowo aperekedwa kale kwa kosungira ka khadi ya netiweki. Anthu ozindikira kwambiri pa dziko lapansi anawononga makhadi osafuna, polemba timabaiti tochepa pamalo olakwika.

Mbali ya nkhaniyi imene ndikufuna muisunge ndi iyi. Makhadi atafa, anthu anayamba kuuzana kuti mankhwala ake ndi IBAUtil, kapulogalamu ka Intel koyendera mu DOS. Akatswiri a Intel eni ake anachenjeza poyera kuti anthu asakagwiritse ntchito pa vutoli, chifukwa kangathe kufikitsa munthu pofunika kusintha bodi yonse kuti netiweki ibwerere. Kapulogalamuko kanapangidwira makhadi obaya paokha, pamene m'laputopu khadi ndi yomatiridwa pa bodi. Ndipotu kuyambira pa ICH8, zolembedwa za khadi ya netiweki zimakhala m'katchipu kamodzi ndi BIOS, m'chigawo chake chotchedwa GbE, moyandikana ndi chigawo cha BIOS ndi cha Management Engine. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukamva wina akuti "ine zinanditheka", mufunseni kuti makina ake anali a mtundu wanji, tchipu yake inali iti, ndipo chinawonongeka chinali chiyani. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Choncho musanalembe, dzifunseni ngati kulembako kuli kofunika. Eni malaputopu ambiri kuno amalowa pa intaneti ndi Wi-Fi ya pa foni kapena ka MiFi, ndipo pobayira kebulo sanapagwiritsepo ntchito. Kwa munthu wotere, kuzimitsa kuyambira pa netiweki mu BIOS, kapena kuzimitsa khadi yonseyo, kumachotsa uthenga uja, makina n'kumayamba msanga. Amene akufunadi kebulo ku ofesi angagule kachipangizo kosintha USB kukhala Ethernet, kamene mtengo wake sungafanane ndi wa bodi. Kameneka kamathandizanso pamene khadi yapsa ndi mphenzi. M'nyengo ya dzinja mphenzi imatha kulowera mu kebulo, ndipo mukaona kuti kebulo ndi yabwino, rauta ikuyaka, koma timagetsi ta pobayira sitikuphethira pa Windows ndi pa Linux pomwe, dziwani kuti palibe pulogalamu imene ingadzutse chitsulo chopsa. Ine ndimaona kuti wokonza amene wauza kasitomala kuti "bambo, izi tizisiye, gulani aka" wachita ntchito yaikulu kuposa amene walimba mtima n'kupha bodi. Mufotokozereni mwini wake njira zonse ndi kuopsa kwake, asankhe yekha. Katunduyo ndi wake.

Zikafika poti kulemba n'kofunikadi, ndipo mwini wake wavomera, yambani mwadziwa tchipu imene muli nayo. Pa Linux lembani lspci -nn, pa Windows onani Hardware Ids mu Device Manager. Nambala 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom. Chida cha Intel sichithandiza pa Realtek. Ngati khadi sikuoneka n'komwe pa mndandandawo pamene mu BIOS ndi yoyatsa, zida zimenezi zilibe polankhula nayo, ndiye musataye nthawi.

Lembani adiresi ya MAC papepala. ThinkPad zambiri zimaionetsa pa tsamba loyamba la BIOS, ndipo makina ena ali nayo pa kapepala komata kunsi kapena m'kati. Ngati Linux ikutha kulankhula ndi khadiyo, lamulo la ethtool -e limatulutsa zonse za m'kosungira kaja. Zisungeni mu failo, pa fulashi ina. Ndikadakonda mukadazolowera kuchita zimenezi pa makina ali bwino, chifukwa khadi ikakanidwa ndi dalaivala, kuwerengako kumavuta.

Kenako ganizirani za moto. Magetsi athu amathima osatsanzika, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Batire ikhale yodzaza, chaja chikhale chobaya, ndipo ngati batire ya laputopuyo inafa kale, musalembe mu firmware popanda UPS kapena invata. Kulemba kukadukira pakati, makina sayakanso. Mapulogalamu osinthira BIOS a makampani ambiri amakana kuyamba ngati batire ilibe moto wokwanira. Pali njira zowakakamizira zimene anyamata amauzana. Kukana kumeneko anakuika kuti kukutetezeni, musakulambalale.

Choyamba kuyesa ndi BIOS yatsopano yochokera kwa amene anapanga laputopuyo, chifukwa m'laputopu kapulogalamu ka PXE kamabwera m'kati mwa BIOS. Itengeni pa tsamba la kampaniyo, pogwiritsa ntchito nambala ya makinawo: Service Tag ya zilembo 7 pa Dell, machine type pa Lenovo, product number pa HP. Mayina ofanana asakunyengeni. Makina awiri angafanane chikuto ndi dzina koma bodi n'kukhala zosiyana. Werengani zimene alemba kuti BIOS imeneyo ikukonza chiyani.

Zikakanika, ndiye pali BootUtil, imene Intel inaika m'malo mwa IBAUtil, ndipo inatuluka m'mitundu ya DOS, EFI, Windows ndi Linux. Itengeni kwa Intel komweko. Mukaiyendetsa ndi -E imangoonetsa makhadi amene yawapeza, osasintha kanthu. Onani kuti khadi yanu ndi nambala iti, ndipo adiresi ya MAC imene yaonetsa ikufanana ndi ya papepala lija. Ngati zikufanana, lamulo la -NIC=1 -DEFCFG (pa 1 paja muikepo nambala ya khadi yanu) limabwezera zoikika za PXE mmene zinalili pochoka ku fakitale, ndipo pamene chowonongeka chinali zoikika zokhazo, uthenga wa E05 umatha. Lekerani pomwepo. Musawonjezere -ALL, musayese -UP pa khadi yomatiridwa pa bodi pofuna kuona chimene chichitike. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Palinso EEUPDATE, chida chimene Intel inapangira makampani opanga makompyuta, chimene makope ake amayendayenda m'manja mwa anthu. Chimalemba paliponse pamene mwachiuza, osakufunsani kawiri, ndipo kope yochokera kosadziwika simungadziwe kuti wina anaikamo chiyani.

Ngati adiresi ya MAC yasanduka ma F okhaokha, kapena 88:88:88:88:87:88 imene imaoneka chigawo cha GbE chikalembedwa ndi failo yopanda adiresi yeniyeni, ndiye kuti kuwonongeka kwalowa m'kati. Imeneyo ndi ntchito ya pulogalama, chipangizo chowerengera ndi kulembera m'matchipu, monga CH341A ndi kapanira kake kogwira katchipu ka miyendo 8. Amene simunaigwirepo, pitani nayo kwa mnzanu amene anaizolowera, mukhale pambali pake muphunzire. Mutu umodzi susenza denga. Amene mukuidziwa, chotsani batire ndi chaja, werengani nambala ya katchipuko kuti mudziwe ngati ndi ka mavoti 3.3 kapena 1.8, chifukwa ka 1.8 kamafuna kosinthira moto. Werengani kawiri, muyerekeze mafailo awiriwo. Akasiyana, kapanira sikanagwire bwino, ndipo chimene mwasungacho si kope yeniyeni. Ndipo mukatenga chigawo cha GbE ku laputopu ina yofanana nayo, muikemo adiresi ya makina amene mukukonzawo n'kukonzanso checksum. Mukasiya adiresi ya inzake, makina awiriwo akadzakumana pa netiweki imodzi, monga m'chipinda cha makompyuta ku sukulu, adzakhala akulandana mauthenga, ndipo wofufuza vutolo adzavutika masiku.

Mukamaliza, musangodina Restart. Zimitsani kotheratu, chotsani moto, muyatsenso, kamodzi ndi kebulo kamodzi popanda kebulo. Onani kuti adiresi ikufanana ndi ya papepala, ndi kuti makina akulandira adiresi kuchokera ku rauta. Bwezerani zoikika za BIOS motsata zithunzi zija, muyatsenso BitLocker ngati munaiimitsa. Failo ya ethtool kapena ya pulogalama muikopere mwini wake, mumulembere papepala mtundu wa BIOS umene mwaika ndi tsiku lake, chifukwa laputopuyo ikadzadwalanso mwina adzapita nayo kwa mnzanu wa ku Zomba kapena ku Chipata, ndipo ameneyo adzazifuna asanatsegule kunsi.